Ndege Sinandipatse Nthawi Yopepesa

Anthu ena akakwera ndege koyamba amabwerako ndi zithunzi. Ine ndinabwerako ndi mlandu, ndipo mpaka lero nkhani ya ulendo umenewo ikayambika kunyumba kwanga ndimapeza chochita kukhola. Kuno ku Mitundu ndimadziwika ngati munthu amene anauluka, moti ena amachita kundiimitsa pamsika kuti ndiwafotokozere za mitambo. Ndimawafotokozera ndithu, chifukwa zimene ndinaona kumwamba kuja sindidzaziiwala. Koma pali mbali ina imene ndimailumpha, ndiye lero ndati ndiitulutse, mwina kukhosi kungapepuke.

Ndiyambe ndi kuulula khalidwe langa. Pa zaka zonse zimene ndakhala pabanja ndi aNankhoma, mayi wa ana anga, ndinali ndi njira yangayanga yonenera zolakwa. Ndikapalamula chinthu chachikulu sindinkanena pakhomo ayi. Pakhomo munthu ali ndi malo ambiri okwiyira. Akhoza kumenyetsa chitseko, akhoza kukuikira madzi osamba ozizira mwezi wa Juni, akhozanso kumanga kampukutu n'kupita kwawo ku Nathenje, poti si patali. Ine ndinkadikira ulendo wa ku Blantyre. Kumeneko kuli mwana wathu woyamba, Thoko, amene anapita kukaphunzira unamwino n'kukhazikika komweko, ndiye pachaka sitinkalephera kukwera basi kawiri kapena katatu.

M'basi munthu sangatsike pakati pa tchire, ndipo sangakalipe poti pali anthu. Choncho ndondomeko yanga inkayenda chonchi. Pa Nathenje khala chete, apa m'pakwawo, akhoza kutsikadi. Pa Dedza gula tchipisi. Pa Lizulu, maso awo ali pa kabichi ndi mbatata ya kachewere, ulula. Kuchokera pamenepo mpaka pa Ntcheu inali nthawi ya mawu olasa onenedwa chapansipansi, mano atalumana, ine n'kumangoti inde, inde. Kenaka ankakhala chete akuyang'ana kunja. Pofika pamlatho wa Zalewa dzuwa litawawamba, miyendo itatupa, ankapezeka atatsamira paphewa langa. Nkhani ya mbuzi imene ndinagulitsa mwakabisira inathera pa Zalewa. Ya njinga ya mlamu wanga imene ndinabwereketsa munthu wosabweza inatheranso pomwepo. (Musandiweruze msanga. Ndinkadziona ngati munthu wanzeru, ndipo anzanga awiri ndinawaphunzitsako njirayi.)

Tsono chaka chatha, mwezi wa Ogasiti, Thoko anachira. Foni inalira m'mawa ndili kudimba, aNankhoma atapita kuchigayo. Foni yawo inali itagwera mumtsuko wa madzi mwezi wapitawo, ndiye nkhani zonse zinkadzera mwa ine. Woimbayo anali mkamwini wanga, a Mbewe, munthu waulemu amene makolo ake onse anatisiya kale.

"Bambo, kwabwera mlendo, wamkazi. Onse ali bwino. Koma kuchipatala kuno akufuna dzina loti alembe pa fomu tisanatuluke. Kwathu kulibe wamkulu wotsala, ndiye dzina mutipatse ndinu."

Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Apongozi anga, mayi awo a aNankhoma, dzina lawo anali Elube. Ndiwo anamulera Thoko zaka zitatu pamene ife tinkagwira ntchito ku esiteti ya fodya, ndipo anamwalira Thokoyo ali ku sekondale. Tsiku la maliro awo, pochokera kumanda, aNankhoma anandiuza kuti mdzukulu wathu wamkazi woyamba adzakhala Elube. Ine ndinavomera, ndipo ndinavomeranso kambirimbiri pa zaka zonse zotsatira. Sindinganame kuti ndinaiwala.

Koma nditaima m'dimba muja, khasu lili m'manja, foni ili kukhutu, misozi ya chimwemwe italengeza, amene anandibwerera m'mutu ndi mayi anga ondibereka. Ndinawaona ndithu atakhala pamkeka akuswa mtedza, mpango utapendekeka monga ankamangira. Pakamwa panangotseguka pokha.

"Esinati," ndinatero.

"Esinati. Zikomo bambo, ndalemba."

Foni itaduka ndinakhala pansi pakati pa mizere ya tomato. Ndikanatha kuimbanso nthawi yomweyo, inki isanaume. Ndinaiyang'ana foniyo, ndinaiika m'thumba, n'kudziuza kuti ndiimba ndikamaliza kuthirira. Nditamaliza kuthirira ndinati ndiimba ndikafika kunyumba. (Zoona zake n'zakuti kamtima kena kankakondwa kuti dzina la mayi anga ladzukanso. Ichi sindinamuuzepo munthu.)

Madzulo ake Thoko anaimba yekha.

"Ababa, dzina lija amayi avomera?"

"Avomera," ndinayankha ndikuzembera kuseri kwa nkhokwe. "Koma usalitchule pafoni. Akufuna adzalitchule okha atamunyamula mwanayo."

Kwa aNankhoma ndinanena kuti za dzina akudikira ife. Anavina pabwalo mpaka fumbi, m'mawa mwake anakagula ulusi kumsika n'kuyamba kuluka shawelo yoyera. Itatha anayamba kusokapo zilembo zofiira pangodya. Chilembo chilichonse chikatha ankabwera nacho kwa ine.

"Bambo ake Thoko, L uyu waima bwino?"

"Waima bwino kwambiri."

Sindinkada nkhawa kwenikweni, poti ndinali ndi msewu wanga. Ndinangoona kuti mlandu uwu ndi wolemera kuposa wa mbuzi, ndiye ndidzauyambe msanga, pa Dedza pomwe, ndi tchipisi mbale ziwiri. Mawu ake ndinkawayeserera kudimba. Ndinali ndi poyambira, ndinali ndi zifukwa, ndinali ndi mbiri yachidule ya mavuto amene mayi anga anakumana nawo potilera. Ndinakonzanso malo oti ndidzagwetsepo msozi, cha pa Tsangano.

Kenaka mkamwini anaimbanso.

"Bambo, amayi miyendo imawavuta pabasi. Ndakugulirani matikiti a ndege. Mukakwerera ku Lumbadzi, mudzatsikira ku Chileka kuno, ine ndidzakuchingamirani. Ndi mphindi makumi anayi basi."

Mawu akuti mphindi makumi anayi ndinawamva bwinobwino, makutu anga alibe vuto. Koma ine ndakulira m'maminibasi. Kondakitala akati tikunyamuka pompano, ndiye kuti pita ukamete tsitsi ubwere. Akati m'tauni ndi theka la ola, konzeka maola awiri. Munthu aliyense woyendetsa anthu amadula nthawi pakamwa, ndiye ndinaona kuti a ndege nawonso ndi anthu. Ulendo umene basi imayenda maola asanu ndi limodzi, mwinanso asanu ndi awiri kukachuluka marodibuloko, ungatheke bwanji munthu asanamalize kudya nzimbe imodzi? Mwana wa eni akungotilimbitsa mtima, ndinatero. Ndinaikapo maola atatu, ndipo maola atatu ndi okwanira kwa munthu wodziwa ntchito yake. Ndinasangalalanso pokumbukira kuti m'ndege kutsika ndiye n'kosatheka kwenikweni.

Tsiku la ulendo tinanyamuka kunja kukungoyera. Minibasi ya pa Mitundu inadikira kudzaza, itadzaza inadikiranso mayi wina amene anakatenga nkhuku zake. Titafika m'tauni tinapeza galimoto imene mkamwini anatikonzera, ndipo inatitenga kulowera kumpoto. ANankhoma anapirira mpaka titadutsa Kanengo, kenaka anamugwira dalaivala paphewa.

"Achimwene, koma Blantyre mukumudziwa?"

"Amayi, ndege imakwereredwa kuno," anatero akuseka.

Pofika pabwalo la ndege tinali titayenda maola atatu, ndipo tinadikiranso ena awiri. Maola asanu athunthu ndili nawo pambali, shawelo ili m'chikwama cha m'manja, ine pakamwa pali phee. (Inde, ndikudziwa chimene mukuganiza. Koma malo onsewo anali ndi zitseko zotulukira.)

ANankhoma anali atakonza kamba wa ulendo wa ku Blantyre monga mwa masiku onse: nkhuku yokazinga yathunthu, mbatata yophika, mtedza, ndi chigubu cha thobwa. Pachipata mayi wina wa yunifolomu anati thobwalo silingalowe.

"Mwanawe, ndiye tikamwa chiyani njira yonseyi?"

"Simumva ludzu, amayi," anatero akumwetulira.

Ngakhale pamenepo sindinatolepo kanthu. Ndinali wotanganidwa, poti ineyo anandivulitsa lamba, ndipo ndinadutsa pamakina awo nditagwira buluku ndi manja awiri, anthu ovala masuti akundiyang'ana.

Ndege yake inali yocheperapo, ya mafani awiri aakulu m'mapiko. Mipando iwiri mbali iyi, iwiri mbali iyo, aliyense pake. Kunalibe woimirira, kunalibe wokusenzetsa thumba la chimanga pamiyendo. ANankhoma anakhala pazenera, kudzanja lamanja, ine pambali pawo. Inayamba kuyenda pang'onopang'ono, inakhota, n'kuima. Ndinati ayi, zayambika, tidikira adzaze. Kenaka inabangula. Msana wanga unakanirira kumpando, udzu wa m'mbali unasanduka mzere umodzi, ndipo mwadzidzidzi phokoso la matayala linangoti zii. Dziko linapendekeka n'kuyamba kutsika.

Abale anga, ine dziko limeneli ndalilima moyo wanga wonse, ndikulidziwa ndi zikhatho ndi zidendene, koma sindinkadziwa kuti n'lokongola chonchi. Minda yokololedwa inali ngati zigamba zosokedwa pamodzi, ina yofiira, ina yotuwa, ina yakuda pamene anatentha mapesi. Madambo ankakhotakhota ali obiriwira, madimba ali ndandanda m'mbali mwake. Malata ankathwanima paliponse. Tinjira ta miyendo timene timayenda osatiganizira n'komwe tinkaoneka tonse, kalikonse kakuchokera pakhomo pa munthu n'kukathera pachitsime kapena patchalitchi. Ndinamva mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi, ndipo ndinapezeka ndikupemphera popanda mawu.

Mzinda wa Lilongwe, umene unatidyera m'mawa wonse, tinaudutsa ndisanamalize kumeza malovu. Chapatali ndinaona phiri la Bunda. Phiri limene ndinalikwera kamodzi ndili mnyamata n'kudwala miyendo sabata yathunthu linali ngati chulu cha kuseri kwa nyumba. Kumbuyo kwake ndiye kwathu. Ndinatong'ola maso kufunafuna mtengo wa mango wa pakhomo panga, ngati kuti ungaoneke.

"Bambo ake Thoko, taonani." ANankhoma anandigwira dzanja, chinthu chimene sitichita pagulu. "Msewu uwo. Mlatho uwo. Apa si pa Nathenje apa?"

Panali pa Nathenje ndithu. Msewu wa tala unali wopyapyala, timinibasi tikukwawa pamwamba pake. Pakati pa minda youma panali timisitu tobiriwira, apa kamodzi, apo kena. Munthu wa kuno safunsa kuti timisitu timeneto n'chiyani, chifukwa mitengo ina yonse tinadula, yotsala ndi ya kumanda. Koma sindinkadziwa kuti ndi tochuluka chotero. Mudzi uliwonse unali ndi kake pambali, akufa ali pamthunzi, amoyo ali padzuwa.

ANankhoma analoza kamodzi ndi chibakera, poti manda salozedwa ndi chala, ngakhale uli kumwamba.

"Amayi ali apo," anatero. Anagunditsa chipumi pagalasi. "Amayi, ndine. Ndikudutsa pamwamba panu, simungakhulupirire. Ndikukaona dzina lanu ku Blantyre."

Tandiuzani inu odziwa kulankhula, ndikanayambira pati? Mtima unandiwawa zenizeni. Ndinameza mawu anga, n'kudzitonthoza kuti lamulo langa lomwe limati pa Nathenje khala chete. Ndinati ndidikire Dedza.

Dedza anafika iwo asanamalize kupukuta misozi. Ndinalizindikira phiri lake ndi mitengo ya paini. Ndinayang'ana wotchi, ndinaigwedeza, ndinaiika kukhutu, ikuyenda bwinobwino. Tchipisi panalibe. Mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo anabwera akukankha kangolo, n'kutipatsa aliyense kabotolo ka madzi ndi kapaketi ka mabisiketi. Anga ndinawapereka kwa aNankhoma kuti agwire ntchito ya tchipisi. Anandiyang'ana cham'mbali, koma analandira.

Ndinakonza kukhosi. "Amake Thoko, pali kankhani."

"Nenani."

Nthawi yomweyo tinalowa mumtambo. Zenera linangoti mbee, ndege inanjenjemera pang'ono, wina kumbuyo anatchula Yesu, kenaka tinatulukira pamwamba pake. Pamwamba pa mitambo, abale. Ine ndinkayesa mitambo ili ndi mbali imodzi yokha, imene timaiyang'ana tikamadikira mvula, yakuda ija. Kumwamba kwake n'koyera kuposa thonje, kuli zitunda, kuli zigwa, kuli malo athyathyathya oti munthu n'kufuna kutsika kuti ayendepo. Dzuwa linkawala popanda fumbi ndi pang'ono pomwe. Ndipo chithunzithunzi cha ndege yathu chinkathamanga pamitambopo, kakang'ono, katazunguliridwa ndi utawaleza wathunthu, wopanda poyambira ndi pothera.

"Mulungu ndi wamkulu," anatero aNankhoma chapansipansi. Patapita kanthawi anafunsa, "Kankhani kanu kaja?"

"Kadikire," ndinatero.

Apa ndilumbire kuti sindinkazemba ayi. Ndinali nditatengeka. Ndinakhala kukamwa kuli yasa, khosi nditalipinda pamwamba pa phewa lawo. Ndinaganiza za mayi anga amene sanapitirirepo Dedza moyo wawo wonse. Ndinaganiza za bambo anga amene anayenda wapansi milungu ingapo kukafuna ntchito kunja, n'kubwerako zidendene zitang'ambika. Ine mwana wawo, mlimi wa tomato, ndakhala pampando wofewa pamwamba pa mitambo ndikumwa madzi a m'botolo. Ndinadziona wamng'ono kwambiri komanso wodala, ndipo sindikudziwa kuti ndinakhala choncho mphindi zingati.

Chimene chinanditsitsimutsa ndi fungo la nkhuku. ANankhoma anaona kuti ulendo tsopano wakhazikika, ndiye anatsitsa kathebulo, anamasula pepala, n'kuthyola mwendo umodzi. Anali asanaulume pamene mtsikana uja anabweranso.

"Amayi, bwezerani kathebuloko. Mangani lamba."

"Mwana wanga," ndinamufunsa, "kodi Lizulu tadutsa?"

"Lizulu?" Anasuzumira pazenera. "Bambo, mtsinje mukuuonawo ndi Shire. Tikutsika."

Shire ndiye Zalewa. Pa Zalewa ndi pamene mlandu umathera, pomwe ine ndinali ndisanauyambe n'komwe. Pansi mitengo ya malambe inayamba kukula, nyumba zinayamba kuoneka zitseko, ndinaona mpaka mbuzi. M'maganizo ndinamuona mkamwini ataima pachipata ndi ulemu wake uja, akunena kuti takulandirani amayi, Esinati akukudikirani. Ndinadziwa kuti akakamvera kwa mkamwini ndiye kuti ndatha kawiri.

Ndiye ndinaulula. Mawu amene ndinawakonza kuti ndiwayale bwinobwino kuchokera pa Dedza mpaka pa Ntcheu, ndi zifukwa zake, ndi msozi wa pa Tsangano, ndinawakhuthula onse mumpweya umodzi.

"Mwana uja dzina ndinapereka kale ndi Esinati analemba kale kuchipatala Thoko ndinamunamiza kuti mwavomera."

Matayala anagunda pansi. ANankhoma anandiyang'ana, mwendo wa nkhuku uli m'manja. Anaubwezera papepala, anakulunga bwinobwino, n'kupukuta zala chimodzichimodzi. Ndinayang'ananso wotchi, ndipo mkamwini sananame. Mphindi zake zija zinali zisanakwane n'komwe.

Tinatsika masitepe iwo ali patsogolo, akuyenda mowongoka, miyendo yosatupa, mphamvu zonse zilipo. Mkamwini anatichingamira atapinda mawondo.

"Mwayenda bwanji, amayi?"

"Tayenda bwino, bambo. Ndege yanu ndi yabwino. Imamufikitsa munthu asanakonze bodza lina."

Mkamwini anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nsapato zanga. M'galimoto aNankhoma anakhala kutsogolo, ine kumbuyo ndi katundu.

Kunyumba, ku Chirimba, tinapeza Thoko atakhala pamphasa ndi khanda. ANankhoma anasamba m'manja, anakhala pansi, analandira mwanayo. Anamuyang'ana nthawi yaitali, akumusisita tsaya ndi chala. Thoko ankamwetulira, akudikira kuti mayi ake atchule dzina monga ndinamuuzira.

"Esinati," anatero aNankhoma. "Takulandira, Esinati. Iwe ulibe mlandu."

Kumwetulira kwa Thoko kunazima. "Amayi, simunadziwe?"

"Ndadziwira pa Chileka pompa."

Mwana wanga wobereka ndekha anandiyang'ana ndi diso limene ndinkayesa ali nalo mayi ake okha. Kenaka aNankhoma anapempha lezala. Anatulutsa shawelo ija, anakakhala pakhonde, n'kuyamba kudula ulusi wofiira uja chilembo chimodzichimodzi, mosamala kuti asaboole nsalu. Mkamwini, amene analibe mlandu uliwonse, anakagwada patsogolo pawo.

"Amayi, tikhoza kukasintha ku ofesi. Kapena Elube likhale lachiwiri."

"Lachiwirilo lembani, zikomo. Koma kusintha ayi, mwana savulidwa dzina ngati malaya. Ndiponso mayi awo a bambowa anali munthu wabwino. Ndili mtengwa watsopano ku Mitundu ndiwo ankandibisira ndiwo ndikachedwa kumunda. Sindingawachotse pamwanayu chifukwa cha zochita za mwana wawo."

Ine ndinali nditakhala pampando wa pulasitiki pakati pa bwalo, ndikulakalaka atangondilalatira. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo chibadwire.

Tinakhalako sabata imodzi. ANankhoma ankandiyankhula zofunika zokha, monga madzi ali kubafa ndi sunthani ndisese. Matikiti anali a kupita ndi kubwerera, koma tsiku lonyamuka litayandikira aNankhoma anamuitana mkamwini.

"A Mbewe, ndege yanu ndaiona, ndathokoza, ndipo zimene ndinaona kumwamba kuja ndidzafa nazo. Koma pobwerera tikwera basi."

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. (Uchitsiru suchoka sabata imodzi.) Ndinati basi, msewu wanga wabwerera, ngakhale tiuyenda chobwerera m'mbuyo ugwirabe ntchito.

Pa Zalewa anali chete. Ndinagula chimanga chowotcha, anapukusa mutu. Pa Ntcheu chete. Pa Lizulu kabichi sanamuyang'ane n'komwe. Pa Dedza ndinagula tchipisi mbale ziwiri, ndinadya ndekha zonse, mpaka kundikola pakhosi. Phewa langa ndinkaliyandikizitsa pang'onopang'ono, iwo n'kumatsamira zenera. Msewu umene ndinauona uli wopyapyala kuchokera kumwamba unali wautali kuposa kale lonse, ndipo dzenje lililonse ndinalimva mumsana.

Titayandikira Nathenje anagogoda denga la basi.

"Kondakitala, titsika apa."

Anatsitsa chikwama chawo, ine ndinatsika nawo, poti ndikanatani? Basi inapita, tinatsala titaima m'mbali mwa msewu dzuwa litapendeka.

"Bambo ake Thoko, mumayesa sindidziwa?"

"Simudziwa chiyani?"

"Za tchipisi cha pa Dedza. Za pa Lizulu. Chiyambire nkhani ya mbuzi ija, mukangoyamba kundigulira zinthu pabasi ndimadziwa kuti kwagwa kanthu. Ngakhale mabisiketi a m'ndege aja ndinadziwa. Inu mumayesa pa Zalewa ndimakhala nditakhululuka. Ndimakhala nditatopa. Munthu wotupa miyendo amatsamira aliyense amene ali pafupi."

Anthu ogulitsa tomato pamsewupo ankatiyang'ana.

"Tsopano tiyeni kumudzi. Akulu anga ndi atsibweni ndinawauza kuti Elube akubwera. Mukawauze nokha."

Ndinakawauza. Ndinakhala pamphasa, chipewa chili pabondo, n'kunena zonse mwadongosolo popanda msozi wokonzeratu. Alamu anga, akulu awo aja, analira pang'ono. Atsibweni anati ndachita bwino kubwera ndi miyendo yanga. ANankhoma anatsala kwawo masabata awiri, ine ndinabwerera ku Mitundu ndekha kukapsereza miphika.

M'masabata awiriwo ndinali ndi nthawi yokwanira yoganiza. Zaka zonsezi ndinkadzitama kuti ndine katswiri wopepesa, chikhalirecho sindinapepesepo ndi kamodzi komwe. Ndinkangodikira kuti munthu atope. Msewu woipa ndi umene unkandibisa, ndipo zinangotengera ulendo umodzi waufupi kuti ndionekere poyera.

Atabwera (anabwera ndi foni yawoyawo yatsopano, nambala anapatsa Thoko ndi mkamwini ine ndisanaidziwe) ndinadikira kuti agone bwino, adzuke, amwe tiyi. Kenaka ndinakakhala pansi pakhonde, m'manja mulibe kanthu, chitseko chili chotsegula, njira ya ku Nathenje ili apo. Ndinanena kuti ndinalakwa, ndinawabera chinthu chimene anachidikira zaka zambiri, ndipo ndinawanamiza akusoka zilembo pamaso panga.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anatsanula tiyi wotsala m'kapu yanga n'kunena kuti amva. Sananene kuti akhululuka, ndipo ine sindinafunse. Ndikudikirabe, ndipo ulendo uno sindikudziwa kuti ndi wa maola angati.